Makalata anayi m'sutikesi ya malemu

Mkazi wanga anamwalira mu June. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Santry, mumzinda wa Dublin, ndipo inshuwalansi yathu ya zaumoyo ankaidula kumalipiro ake, ya tonse awiri. Ine ndinali pasukulu, chaka chomaliza cha digiri yachiwiri, ndikumapakira katundu ku Coolock maola makumi awiri pasabata, omwe lamulo limalola wophunzira. Za inshuwalansi sindinkazidziwa. Ndinkangoona kalata yake kamodzi pachaka, pokawonjezera chilolezo changa chokhalira m'dziko muno, chifukwa popanda kalatayo wophunzira wochokera kwathu samupatsa chilolezo.

Titaika maliro ku Dedza, amalume ake a mkazi wanga anandiuza kuti mwambo wondisudzula udzachitika chaka chamawa, ndipo kufikira tsikulo katundu wa malemu asakhudzidwe. Ndinavomera. Nditabwerera ku Dublin ndinalongedza zovala zake, foni yake ndi mapepala ake m'sutikesi, n'kuiika pamwamba pa kabati. Makalata obwera m'dzina lake ndinkawaikanso momwemo osatsegula. Pofika September analipo anayi.

Chilolezo changa chinkatha kumapeto kwa mwezi womwewo. Ndinayang'ana pa intaneti mtengo wa inshuwalansi yomwe tinali nayo, ndinatseka kompyuta, n'kupita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale. Ndi malipiro anga a ku Coolock, ndikanalipira inshuwalansiyo ndikanasowa ya lendi. Kukhala wopanda inshuwalansi kunali kusiya sukulu miyezi ingapo ndisanamalize. Sindinauze munthu.

Lamlungu lina kunabwera alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, omwe amakhala ku Finglas. Anandipeza ndikulemba manambala kuseri kwa envelopu ya magetsi.

"Alamu, mwayamba kubetcha mpira?"

Ndinawafotokozera. Anandifunsa ngati a inshuwalansi sanalembe kalata chimwalirireni mng'ono wawo. Ndinaloza pamwamba pa kabati.

"Mwaika makalata m'sutikesi? Inu, munthu wa madigiri awiri?"

"Imodzi ndi theka," ndinatero. "Amalume anati katundu asakhudzidwe."

"Ankanena zitenje ndi mapoto. Mukuganiza kuti tsiku logawa katundu, azakhali adzati ine ndipatseni kalata ya inshuwalansi?"

Komabe nawonso sanaikhudze sutikesiyo. Anaimba foni ku Dedza. Amalume anali kudimba, mawu ankadukaduka. Anamvetsera nkhani yonse, kenaka anafunsa ngati m'makalatamo muli ndalama. Alamu anati ayi, ndi mapepala chabe okhudza chipatala.

"Ndiye atsegule," anatero amalume. "Mwana wathuyo sakanakondwa kumva kuti mwamuna wake wathamangitsidwa chifukwa cha ife. Koma mutsitse sutikesiyo ndinu, akulu ake a malemu, osati iwo."

Alamu anakwera pampando n'kuitsitsa. Anatulutsa makalata okhawo, n'kutsekanso msanga.

Kalata yoyamba inali yopepesa, kuntchito kwake anali atawadziwitsa. Zitatu zinazo zinkanena chinthu chimodzi: inshuwalansi inaima kumapeto kwa June, koma ndikhoza kuipitiriza m'dzina langa osayambiranso ngati munthu watsopano, bola ndiimbe foni pasanathe masabata khumi ndi atatu.

"Thirteen weeks," anatero alamu, akuwerenga pa kalendala ya pafoni. "Kwatsala nine days. Mukanadikira kusudzulidwa, akanakusudzulani a imigireshoni."

Ndinaimba Lolemba m'mawa ndili pamalo okwerera basi. Anayankha mayi wina wolankhula modekha. Ndinamuuza poyera kuti mtengo womwe ndinauona sindingaukwanitse. Anayang'ana kaye pakompyuta, kenaka anati mtengowo ndi wokwera chifukwa mkazi wanga, mu January, anasintha inshuwalansi n'kutenga yomwe imalipira zambiri pa uchembere, kuphatikizapo chipinda chapayekha m'chipatala. Anandifunsa ngati ndikufuna kusunga mbali imeneyo.

Za mwana tinkakambirana, koma sindinkadziwa kuti iye anali atayamba kale kukonzekera. Basi yanga inafika, anthu anakwera, inapita.

"Ayi," ndinatero. "Ichotseni."

Anandiwerengera mtengo wa inshuwalansi yaing'ono, yolipira munthu akagonekedwa m'chipatala, ndipo anati imeneyo imakwanira pa chilolezo cha wophunzira. Ndinamupempha kuti abwereze nambalayo. Inali yosafika ngakhale theka la yomwe ndinkaiopa, ndipo ankalola kulipira mwezi ndi mwezi. Ndinakhala pansi pabenchi.

Kalata ya inshuwalansi inafika pa imelo masana omwewo, yokhala ndi dzina limodzi. Ndinaitumiza kwa a imigireshoni pamodzi ndi mapepala ena onse nthawi yopuma kuntchito, nditakhala pa mulu wa makatoni. Khadi la chilolezo linabwera papositi patapita masabata angapo. Ndinalijambula n'kutumizira alamu.

Anayankha ndi uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka ana awo akukangana m'Chingerezi. "Chithunzicho mwaoneka ngati wothawa kundende, koma chabwino. Loweruka mubwere mudzadye, ndipo mubwere ndi buku lanu la digiri lija mukulemba, tione ngati lilipodi."

Ndinapita nalo. Linali litatsala mitu iwiri.