Kiyi wa Mai Simbi

Amene ankadziwa dzina lawo lenileni ambiri anatsogola kale. Otsalawo ankangoti Mai Simbi, chifukwa Loweruka lililonse ankawaona akulowa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, simbi ili m'manja, kiyi wa kabati ali lende pakhosi. Masiku enawa ankachapa ndi kusita zovala za eni ake kuti apeze chakudya, koma ntchito imene ankaitcha yawo inali ya nsalu za paguwa. Anaiyamba mwana ali kumsana, n'kukalamba nayo.

Kalendala analibe nayo ntchito. Chaka ankachidziwa ndi nsalu, ndipo nsalu iliyonse inali ndi mawu ake a m'Malemba amene iwo ankawatafuna m'njira yawoyawo. Yapepo ikatuluka, ndiye kuti ndi Adiventi. Wansembe akamawerenga za anamwali odikira mkwati ndi nyale, Mai Simbi ankanong'oneza oyandikana nawo kuti, "Amenewo mwayi, wawo anafika." Amuna awo anapita kukafuna ntchito mwana asanamere mano, ndipo mpaka lero akufunabe. Yoyera ya Khirisimasi inkawakumbutsa funso limene palibe mlaliki analiyankhapo, loti matewera a khandalo ankachapira kuti m'khola muja. Yofiira ya Pentekoste ankakangana nayo chifukwa inkasuluka. Yobiriwira inkakhalitsa paguwa miyezi yambirimbiri, ndipo iwo ankati imeneyo ndi nyengo imene Ambuye akungoyenda n'kumaphunzitsa, ife tikungochapa.

Koma nkhani imene inkawafika pamtima inali ya m'mawa wa Pasaka, ya nsalu imene ophunzira anaipeza m'manda itapindidwa payokha. "Munthu wauka kwa akufa, koma wayamba wapinda kaye nsalu," ankatero chaka ndi chaka. "Ameneyo mayi ake anamulera."

Maso anayamba kuchita nkhungu pang'onopang'ono. Inali ng'ala. Yoyera ankaionabe, koma zina zitatuzo zinasanduka mtundu umodzi wakuda. Sanauze munthu aliyense, ngakhale mlamu wawo, mlongo wa amuna aja, amene ankakhala naye benchi limodzi. Ankaopa. Ankadziwa kuti tsiku limene adzaulule ndi tsiku limene kiyi adzachoke pakhosi, ndipo popanda kiyiyo adzangokhala nkhalamba ina yodzaza malo m'tchalitchi. Manja ndiwo anawasungira chinsinsi. Yapepo inali ndi chigamba pomwe inapsa ndi kandulo, yofiira inali yopyapyala chifukwa chochapidwa kwambiri, yobiriwira inali yokhakhala m'mphepete.

Ndiye kunabwera wamalonda wina wa mtima wabwino. Mwana wake atachira matenda aakulu, anagulira tchalitchi nsalu zatsopano zamitundu yonse, zosalala mofanana, msoko umodzi, kukula kumodzi. Zakale zija anazitumiza ku kampingo kena kosauka. Tsiku lozilandira Mai Simbi anawomba m'manja kuposa onse, ngakhale ankadziwa kuti zala sizidzathanso kuzisiyanitsa. Anapempha mlamu wawo kuti awathandize kusanja, ati msana ukuwawa, ndipo anasunga m'mutu kuti pamwamba pali yapepo, pansi pake yofiira, kenako yobiriwira. Lenti yonse inadutsa bwinobwino, Pasaka nayenso.

Zinaonongeka ndi mphemvu. Sabata ya Pentekoste amayi a bungwe anabwereka kiyi kuti athire mankhwala m'kabati, ndipo nsalu anazibwezeramo mmene zinawagwerera m'manja. Ndani akanaganiza kuti pali vuto? Loweruka masana Mai Simbi anawerenga ndi zala, kutenga yachiwiri, kuisita mpaka khwinya lonse kutha, n'kuiyala.

M'mawa mwake tchalitchi chinadzaza, akwaya atavala zofiira okhaokha. Mai Simbi anamva manong'onong'o akuyenda benchi ndi benchi. Kenako mlamu wawo anawagwira bondo.

"Alamu, mwatani kodi? Mwayala ya Lenti."

"Ya Lenti?"

"Yapepo. Yachisoni ija."

Wansembe anangopitiriza Misa. Analalika za malilime a moto ataima pambali pa guwa lamaliro lija, ndipo mwambo unatha monga mwa masiku onse. Anthu atatuluka, wansembeyo anawapeza Mai Simbi m'kachipinda kaja ataima pafupi ndi kabati. Anali munthu wofatsa, koma ankafuna kutsimikiza. Anatulutsa nsalu ziwiri n'kuziika patebulo.

"Amayi, tandipatsirani yofiira tisinthe."

Mai Simbi anayang'ana patebulopo nthawi yaitali. Akanatha kungolota, mwina n'kulasa. M'malo mwake anavula chingwe cha kiyi pakhosi.

"Abambo, musandichititse manyazi kawiri tsiku limodzi."

"Bwanji simunanene? Tikanakuthandizani."

"Mukanandithandiza kupuma. N'zimene ndinkaopa."

Palibe anawanyoza. Anawathokoza pamaso pa mpingo wonse, kuwapatsa bulangete ndi ambulera, ndipo kiyi anapita kwa mkazi wa mphunzitsi, munthu wa maso akuthwa amene amasita ndi simbi yamagetsi. Ntchito amaigwira bwino, zimenezo palibe angatsutse.

Mai Simbi sanasiye kupemphera. Lamulungu lililonse mlamu wawo amawagwira dzanja mpaka pabenchi pawo. Miyezi ya yobiriwira inapita yofanana yokhayokha. Tsiku lina akwaya atayamba nyimbo yolowera, Mai Simbi anatukula mutu.

"Alamu, nyimbo imeneyi bwanji? Tili nyengo yanji?"

"Adiventi yayamba lero."

"Ndiye kuti dzulo anasintha nsalu?"

"Anasintha."

Mai Simbi anasalaza siketi pabondo ndi zala.

"Dzulo ndinali kunyumba tsiku lonse," anatero. "Ndinangokhala."