Timitengo Tiwiri ta Amalume

Timitengo tiwiri, kalikonse kali ndi kandege kathabwa kunsonga, kena kofiira, kena koyera: ndi timeneti timandikumbutsa chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi. Amalume anabwera nato kuchokera ku Zambia, kumene ankayendetsa ndege zankhondo. Kuno kunja, mumzinda wa Midland, ankagwira ntchito yosamalira okalamba.

Loweruka lililonse ankanditengera kumpanda wa bwalo la ndege za asilikali, kumpoto kwa mzinda. Ntchentche zinkatimata kumaso, phula linkanunkha ndi kutentha, ndipo ndege ikadutsa chapansipansi, mkokomo unkabwera m'mbuyo mwake n'kundigwedeza pachifuwa. Ine ndinkangofuna kuona ndege ikutembenuzika m'mwamba. Iwo ankafuna kuti ndimvetse. "Mdani akakhala kumbuyo kwako, usathawe molunjika. Khotera kwa iye mwamphamvu kuti akupitirire." Timitengo tija tinkapingasana pamaso panga. "Ukamauluka pansi, usayang'ane nthaka, chifukwa dzanja limatsata diso. Yang'ana phiri lakutsogolo." Ndinkayankha m'Chingerezi, mwaulesi, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinafunsepo kanthu.

Anzanga kusukulu ankati ndikunama ndikamawauza kuti amalume ankayendetsa ndege zankhondo. Aphunzitsi atalola kuti amalume adzalankhule m'kalasi, ndinawachonderera kuti adzavale zausilikali. Anafika atavala yunifolomu yakuntchito, akumveka fungo la sopo wa kunyumba ya okalamba, timitengo tili m'jumbo. Anafotokoza mofatsa mmene ndege imakwerera molunjika dzuwa kuti maso a mdani athobwe. Mnzanga wina anafunsa kuti anagwetsa ndege zingati. "Palibe," anatero. "Ntchito inali kubwerera wamoyo." Kalasi yonse inaseka. Wina anafunsa chifukwa chake sakuulukanso. Amalume anayang'ana pazenera, ndipo ine ndinawayankhira kuti anatopa nazo.

Loweruka lotsatira ndinakana kupita. "Iwe, amalume ako aima pakhomo ndi makiyi!" anakalipa amayi. Sindinatuluke m'chipinda. Ndinamva makiyi akupachikidwa pamsomali, ndipo kumpanda kuja sitinapitenso.

Nditakula, amayi anandiuza kuti mwezi womwewo inali itafika kalata yachitatu yowakana ntchito yoyendetsa ndege, yonena kuti maola amene amalume anauluka kwawo sakuvomerezeka kuno. Ine ndinkayesa kuti ankapita kumpanda chifukwa cha ine. Sindikanatha kumvetsa kuti mlendo akaima yekha pampanda wa asilikali mlungu ndi mlungu amafunsidwa mafunso, koma akagwira mwana padzanja amasiyidwa kuti ayang'ane kumwamba.