Buku la Kuchidikiro

Ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri ndinakadikirira kuchipatala, poti kwathu kwa Kanduku ndi kumapiri, matenda atayamba sungafike msanga. Kuchidikiroko dzuwa silinkayenda. Anamwino ena anandibwereka buku lothothoka chikuto, nati wolemba wake ndi katswiri, ana a sekondale amalembera mayeso nkhani zake. Ine ndinalekezera sitandade 7, koma Chichewa ndimawerenga, ngakhale mokoka.

Ndinkawerengera anzanga pakhonde, iwo akuswa mtedza. Womvetsera kwambiri anali mtsikana wa kwa Nthache, wa mimba yoyamba, miyendo yotupa. Adokotala anali atamuletsa kukachirira kunyumba, koma iye ankaopa mpeni. Katundu wake ankakhala chimangire m'chitenje.

"Achemwali, ine mawa ndikupita kwathu," ankatero.

"Pita. Koma sudzadziwa ngati mkazi wa m'bukuyu anamupeza mwamuna wake."

Ankatsonya, n'kukhala.

Tsiku lina ndinasuzumira masamba akutsogolo ndili ndekha. Mkazi wa m'bukumo, amenenso anali woyembekezera, anamwalira pobereka, m'chipatala momwemo. Ndikawerenga zimenezi, mtsikanayu athawa. Ndikabweza bukuli, athawabe, poti chomugwira palibe.

Ndiye ndinkangotsegula buku, maso pamasamba, pakamwa pakutuluka zanga. Mkazi uja ndinamuchiritsa bwinobwino, ndinamupatsa mwana wonenepa, kenaka ndinamuyambanitsa ndi apongozi ake kuti nkhani isathe.

"Aphunzitsi, lero mukuthamanga bwanji?" anandiseka mayi wina wa kumalire. "Dzana munkagwa m'mawu ngati woledzera."

"Ndazolowera," ndinayankha.

Madzulo ena ndinangoona anamwino aja ataima pambali pathu, beseni lili m'manja, akumvetsera. Ndinasiya kuwerenga. Bukulo ankalidziwa lonse. Anandiyang'ana, anayang'ananso miyendo ya mtsikanayo ndi kamtolo kake.

"Pitirizani, mayi," anatero. "Pamenepo m'pokoma."

Matenda atamuyamba, mtsikanayo anali pompo. Anamutengera ku opaleshoni, ine ndili pabenchi panja, kupemphera kosamveka mutu wake. Anatuluka wamoyo, mwana wake wamkazi naye wamoyo. Atatulutsidwa, amuna ake anadzamutenga pa njinga yamoto.

Ine ndinatsala kuchidikiro ndi mimba yanga, ndikudziwa bwino momwe nkhani ija inatheradi. Mwana akangogunda m'mimba, tsamba lija linkandibwerera m'maso, ndipo panalibe wondiwerengera zabodza.