Dzina limene silinalembedwepo pamwala

Bambo anga dzina lawo ndi Chatsala. Ndikulilemba pano kuti lisaiwalike, chifukwa masiku ano ukalitchula kuchipatala, namwino amakweza mutu ndi kufunsa kawiri. M'tauni muno palibe mwana amene ali nalo.

Anawapatsa ndi mayi awo. Mayiwo anabereka ana asanu ndi mmodzi, onse ndi kuwaika asanayambe kuyenda. Wachisanu ndi chiwiri atabadwa, sanafune ngakhale kumuyang'ana kumaso. Anangoti, "Ichi ndiye chatsala." Mwanayo anakula, ndipo lero ali ndi zaka 97, mano ake ali chikhalire.

Ntchito yawo inali yozokota mayina pamiyala ya ziliza, m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba yathu. Ankayamba ndi choko, kenako tchizulo ndi hamala, chilembo chimodzichimodzi, akupemerera fumbi ndi pakamwa. Palibe mmisiri wina amene ankawongola mizere ngati iwo, ndipo amene angatsutse abwere andiuze pamaso. Ankakonda kunena kuti, "Mayina onse apita m'manja mwangamu, koma langa silinabwerepo. Ndinakumanapo ndi anthu awiri a dzinali, onse nkhalamba zokhala zokha."

Ife tinkaseka. Kenako anaika mayi anga. Anaika alongo anga awiri, mng'ono wanga, amuna anga, ndi anzawo onse a paunyamata. Mwala uliwonse anazokota okha, osagwetsa msozi. Pa ana awo ndatsala ine ndekha.

Mwana wanga, amene ndi wa zamagetsi, anakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana. Chaka chino mkazi wake anachira, mwana wamwamuna, mphuno yake ya kwathu yeniyeni. Bambo atamunyamula anati, "Uyu mumupatse dzina langa."

Ine mtima unadzaza ndi chimwemwe. Koma titalowa m'khitchini, mpongozi wanga anati, "Amayi, dzina limenelo ayi."

"Lalakwa chiyani? Mukufuna la pa TV lija loluma lilime?"

"Amayi, kuti munthu atsale, ena amakhala atapita. Mwanayu adzatsala, nanga opitawo ndani?"

"Inu munaphunzira kuposa ine, koma mukuyankhula ngati munthu amene sanaone bolodi," ndinatero. "Dzinali lasunga munthu zaka 97. Lanu lija lasunga ndani?"

Tinakhala masiku atatu tikungopatsana moni. Mwana wanga anathawira kuntchito, monga amachitira amuna zikavuta.

Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, ine ndi mpongozi wanga tinalowa m'shedi kukatenga kabedi kamatabwa kamene mwana wanga ankagonapo ali wakhanda. Bambo anasiya ntchito zaka khumi zapitazo, koma pansi panali fumbi loyera, latsopano. Kuseri kwa kabediko kunali miyala itatu yoyedzamitsidwa kukhoma, nkhope zake zitayang'ana kumalata. Mpongozi wanga anapendeketsa umodzi kuti tidutse. Kenako anausiya, ndi kugwira pakamwa.

Panali dzina lake, tsiku limene anabadwa, kamzere, ndi malo opanda kanthu. Wachiwiri unali wa mwamuna wake. Wachitatu unali wanga, ndipo pamalo opanda kanthupo panali pojambulidwa kale mizere iwiri ya choko.

Bambo anali ataima pakhomo ndi ndodo yawo. Sitinawamve akubwera.

"Bambo, ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Maso akutha, mwana wanga. Ndikadikira, ndidzakulemberani zokhotakhota, anthu adzakusekeni. Ndati ndiyambiretu ndikadaona."

"Nanga wanu uli kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Wanga wa chiyani? Ine sindipita, dzinali likadali pa ine. Ndatopa nalo. Mukamupatsa mwanayu, mwina nanenso ndikapumeko."

Mpongozi wanga anatuluka akuthamanga, ndipo ndinamva akukhoma chitseko cha kuchipinda kumene kunali mwana.

Ine sindikhulupirira zinthu wamba. Ndinafika Sitandade 8, ndipo ndimadziwa kuti mwala ndi mwala basi. Koma ndinaima pamenepo ndikuona bambo amene anandilera, amene sanandimenyepo, akupempha chinthu chimodzi chokha pamoyo wawo wonse. Ndipo ndinaona kamwana kaja katakula, kakukhala kokha m'nyumba yaikulu, kopanda womuitana dzina.

"Bambo," ndinatero, "dzinalo musunge nokha. Mwanayu sitimupatsa."

Sanakwiye. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, ndi kupukuta fumbi pamwala wanga ndi mkono wa malaya. Kenako anafunsa mofatsa, "Ndiye mumutcha ndani? Undiuze ndi tsiku lake lobadwa, ndaiwala."

Ndinanyamula kabedi kaja ndi kutuluka. Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita kwa mpongozi wanga, ine mwini wake, ndi kumuuza kuti asankhe dzina lililonse limene akufuna, ngakhale loluma lilime. Anasankha labwino ndithu, ndipo analembetsa kuchipatala.

Dzinalo sindililemba pano, chifukwa bambo amawerengabe akayandikitsa pepala kumaso. M'nyumba muno tinagwirizana tonse kuti pamene iwo ali, mwanayu ndi "mlendo" basi. Ndimawasambitsa, ndimawameta, ndimawapatsa tiyi m'kapu yawo yachitsulo, ndipo aliyense amene anganene kuti bambo anga ndi mfiti adzandiona. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde, akumuseweretsa mwanayo ndi chala, ndi kufunsa aliyense wodutsa, ngakhale mayi wobwera kudzachapa, kuti, "Kodi mlendoyu mwati dzina lake ndani?"

Mpaka lero palibe wawauza.