Masamba a pa Geti

Mukafuna kudana ndi a Langton Kamphinda, ingowatchulani kuti "komuredi", muja amaitanirana a yuniyoni. Amalavula pansi pomwepo, ngakhale mukhale pakhomo pa tchalitchi.

Bambowa lero amangolima chimanga kwawo, koma anayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Bowe kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Yuniyoni ya antchito itabwera, iwo anali m'gulu loyamba kulowa. Tisaname, inawathandiza. Ndi yomwe inakakamiza bwana kugula magambuti ndi zotseka mphuno za opopera mankhwala, ndipo a Langton atagwetsera ngolo ya thirakitala mumtsinje, ndi yomwe inawapulumutsira ntchito. Nyimbo za yuniyoni ankaziimba mokweza kuposa za kwaya.

Tcheyamani wake anali Festus, kalaliki wa kushedi, munthu wotsekemera pakamwa amene manja ake sanamatepo phula la fodya. Lero ndi wachiwiri kwa bwana pa esiteti yomweyo, mimba ili patsogolo.

Chaka china kunabuka sitalaka. Antchito anathyola nthambi za mitengo n'kuziyala pamsewu wa pageti kuti pasadutse chilichonse cha kampani. Sitalaka ili mkati, mayi Tabita, akazi awo a Langton, anamwalira m'nyumba ya pa esitetipo. Kwawo kwa malemu kunali kumapiri a ku Ntchisi, ndipo chizolowezi chinali chakuti maliro a wantchito amapita pa thirakitala. Bwana anapereka makiyi osawiringula. Anakana ndi Festus.

"Komuredi, injini ikangolira, sitalaka yafa. Dikirani mawa kapena mkuja, bwana watsala pang'ono kugonja."

"Mkazi wanga adikire mkuja, ndi kutentha kumeneku?"

"Ndiye pezani ngolo ya ng'ombe."

Ngolo ya ng'ombe, mpaka ku Ntchisi! A Langton anangopita kukaliza injini. Atafika ndi bokosi pageti anapeza anzawo atatchinga njira, nthambi m'manja, zipewa zili kumutu. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Yudasi!"

Pambali pa bokosi panakhala a Kalebe, mlongo wawo wa malemu, mlimi wa kumapiri amene za sitalaka sankazidziwa n'komwe. Kwa iwo masamba pamsewu amanena chinthu chimodzi basi: pano pali maliro. Anatsika, n'kunjuta pamaso pa Festus akuwomba m'manja.

"Zikomo bambo, mwatilemekeza. Masamba onsewa, khamu lonseli, chifukwa cha mlongo wanga! Kwerani, malo alipo."

Festus anavula chipewa n'kunena kuti ndi udindo wawo, nkhope ili gwa. Anthu anapatuka. Sichinali chisoni ayi, anangosowa poyang'ana. Koma sanakwere ndi mmodzi yemwe, chifukwa anali atapangana kale kuti wopita ku maliro a wogulitsa anzake nayenso ndi wogulitsa. Njira yonse a Kalebe ankacheuka, akuti mwina anthu aja akubwera pa lole.

Kumudzi mawa lake, atayankhula a banja ndi a mpingo, woyendetsa mwambo anaitana woimira anzawo a kuntchito. Sanadzuke ndi mmodzi yemwe. A Kalebe anaimirira n'kupepesa.

"Alipo ambiri, ndawaona ndi maso angawa. Angochedwa panjira. Tiwadikire pang'ono, anthu abwino amene aja."

Anthu anadikiradi, dzuwa likuwawotcha, maso ali kumsewu. Amayi a mvano anayambitsa nyimbo, inatha, anayambitsanso ina. A Langton anali atazyolika, mtima ukuwawa ndi mkwiyo woposa chisoni. Ana a anzawo a kuntchito aja Tabita anawalerako, odwala awo anawaphikirako phala.

Kenako a Langton anadzuka.

"Alamu, khalani pansi. Sakubwera. Masamba aja sanali a Tabita, anali otitsekera njira. Tiyeni tikamuike mkazi wanga."