Ndege Yosaoneka pa Makina a Alonda

Ndinachoka ku Biriwiri chifukwa cha Yohane, mdzukulu wanga. Bambo ake anapita ku Joni iye akukwawa, mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Amake atamwalira ndinamulera ndine, ndipo atayamba kumera ndevu ndinamumva akufunsa anzake za pasipoti. Ndinati ayi, khomo lino lataya kale mwamuna mmodzi kumsewu. Ngati pafunika wina wochoka kuti mwanayu amalize sukulu ya zamagetsi ali pakhomo, wochokayo ndikhale ine.

Abwana amene ndinkawachapira ku Lilongwe ankafuna munthu wokasamala mayi awo okalamba kwawo, kutsidya kwa nyanja. Ndinavomera, koma osawakhulupirira. Ine sindikhulupirira munthu. Pasipoti ndinkagona nayo m'chiuno. Malipiro ndinkatumiza kusukulu mwachindunji, osadzera kwa achimwene anga a Fabiano, ngakhale ndiwo eni mbumba amene ndinawasiyira mwanayo.

Kumeneko kunali mapiri ngati kwathu, kungoti m'malo mwa kachewere kunali mitengo ya azitona. Nkhalambayo ndi ine tinkalankhulana ndi manja. Sabata inkatha pakamwa panga posatuluka Chichewa, pokhapokha akabwera a Karimu, mwana wawo wina amene anakhalapo ndi sitolo ku Limbe.

Nkhondo itayandikira ndinasamutsira ntchito zanga padenga, poti madenga akumeneko ndi athyathyathya ngati bwalo. Kuyanika, kusankha mpunga, zonse pompo, maso ali kumwamba. Kwathu wakuba kabichi ndinkamudziwa ndi mapazi ake. Ndinati ndege ndidzaiona ikubwera, ndidzabereka nkhalambayo, tidzatsikira kuchipinda chapansi, ndidzabwerera kwa Yohane wamoyo.

A Karimu anandipeza pamenepo nandiseka. "Mayi, mukulondera chiyani? Asilikali ali ndi makina a rada, koma nawonso saiona."

"Chinthu chachitsulo chingalephere bwanji kuoneka?"

Anatenga chivindikiro cha poto n'kuchipendeketsa padzuwa, kuwala kunathawira kukhoma la eni. "Rada imaponya mafunde, akagunda ndege amabwerera, alonda n'kudziwa. Iyi anaipanga yopendekekapendekeka chonchi, mafunde amathawira kwina. Otsalawo penti wake amawamwa. Mabomba sapachika pamapiko, amabisa m'mimba. Pamakina imaoneka ngati kambalame."

"Nanga woyendetsayo amationa ife?"

"Chisoti chake chimamuonetsa ndi pansi pa mpando wake pomwe. Nsalu zanuzi akuziona. Ndipo sachita kufika pamwamba panu, amaponya ali kutali."

Ndinaganiza kuti akundiopseza kuti ndizitsika kukatsuka mbale. Ndinati ngati maso alephera, makutu alipo. Lole yokwera chitunda chakwathu timaimva isanatulukire.

Tsiku lina masana ndikukamula mashiti, kumwamba kuli mbee, nyumba ya tsidya la msewu inangokhala pansi. Fumbi linandilowa m'kamwa. Mkokomo wa ndege ndinaumva pambuyo pake, anthu atayamba kale kukuwa. Mayi wa m'nyumba imeneyo ankandipatsa buledi wotentha m'mawa uliwonse, dzina lake sindinkatha kulitchula. Ndinatsika, ndinabereka nkhalambayo monga ndinakonzera, koma ndinkadziwa kuti ndikungoberekera pachabe. Bomba likanagwera nyumba yathu, bwenzi zitatha ndisanaike shiti pansi.

Zimenezi sindinauze akumudzi. Nawonso uthenga wawo unali umodzimodzi: tonse tili bwino, mvula yagwa. Koma m'mawu amene Yohane ankajambula pafoni ndinaona kuti kumbuyo sikukumvekanso tambala kapena ana. Nditafunsa a Fabiano anati, "Achemwali, mumakayikira ndi foni yomwe? Mwana ali bwino."

Ana a nkhalambayo ataisamutsira kudziko lina, ine anandikweza ndege yobwerera. Ndinatsika minibasi pamsewu waukulu, amayi ogulitsa tomato anandilonjera mwaulemu wopitirira muyezo, osandiyang'ana kumaso. Pakhomo anandiyalira mphasa. Malonje anayamba, ndipo a Fabiano anayambira kutali: maliro a chaka chatha, mtengo wa fetereza, ng'ombe imene inathyoka mwendo, denga la tchalitchi la ku Nzama. Ine ndinkangoyang'ana chitseko cha gowelo la Yohane, chinali ndi loko wadzimbiri.

"Achimwene, Yohane ali kuti?"

"Tikufika pamenepo. Munthu ali kutali sauzidwa zolemera, mukudziwa."

Sukulu Yohane anamaliza ndithu. Koma ntchito ya zamagetsi inasowa, ndipo kunabwera anthu olemba achinyamata okagwira ntchito m'minda ya kunja. A Fabiano anavomereza. Amphakati a kutchalitchi kwathu anamupempherera, amayi a tomato aja anamuperekeza kukakwera basi. Mudzi wonse unadziwa, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti ine ndisamve, kuopa kuti ndingadwale mtima kudziko la eni. Palibe amene anandichitira nkhanza. Anachita monga timachitira, monganso ine ndinachitira pa za nyumba yogumuka.

Atatchula dziko limene anapita, ndinalidziwa pomwepo. Ndi loyandikana ndi lomwe ndinachokalo. Miyezi yonse ija ndili padenga, mwana wanga anali kuseri kwa mapiri omwewo, akuthyola tsabola.

A Fabiano anamuimbira Yohane pomwepo kuti ndimve mawu ake.

"Agogo, mwafika? Musadandaule za ine. Kuno ndi mbali imene ndege zimanyamukira, bwalo lake lili pafupi ndi munda wathu. Timaziona bwinobwino zikamakwera."

"Ndiye a mbali inayo sakudziwa pamene bwalolo lili?"

Anaseka. "Inu agogo simunasinthe."

"Bwera kumudzi, Yohane."

"Kontirakiti ikatha. Ndibwere kudzatani panopa?"

Ndinayang'ana a Fabiano, ndinayang'ana onse amene anali pamphasa, kuti mwina wina amuyankha. Aliyense anali ataweramitsa mutu.