Dzanja la Mkulu Wokonza Njinga

Amati dzanja la mkulu wokonza njinga pa Entre Lagos, ku Mozambique, linapuwala chifukwa cha kuba. A Vitorino pothawa nkhondo anakwirira makina osokera patsinde pa mango, atawatsirika. Pobwera kuchokera ku Malawi anakumba, osawapeza. Mwezi womwewo zala za mkuluyu, yemwe sanathawe nawo, zinapindika ngati za mwana wobisa mtedza. Nanga pamenepo munthu n'kutsutsa bwanji?

Mwini wakenso satsutsa. Amapana tayala ndi maondo, sipanala kudzanja lamoyolo, uku akufufuza machimo ake. "Makinawo sindikuwakumbuka," amatero, "koma mwina ndi nkhuku ya chaka cha njala ija." Wapepesa kale eni nkhuku, eni nzimbe, ngakhale gogo wina amene anamunamiza ukwati pa unyamata. Zala zili chipindikire.

Zinafika poipa mwana wake Osvaldo atafunsira Rabeca, mwana wa a Vitorino, n'kukanidwa. Mkuluyu anapita yekha, chipewa chili m'khwapa.

"Achimwene, ngati ndinaba ndine, tandikumbutsani pomwe ndinakumba."

A Vitorino anamulozera mtengo wa mango. Iye anauyang'ana mtengowo nthawi yaitali, mutu utabalalika.

"Kodi uwu si unamera inu muli ku Malawi? Wakale uja asilikali anauwaza nkhuni."

Anakumba pachitsa cha wakalewo, m'udzu. Pa ukwati wa Osvaldo ndi Rabeca mkuluyu anangokhala akuyang'ana zala zake, osamvetsa chomwe anapepesera nkhuku. Makina aja anali pachitsa pomwepo, atachita dzimbiri. Sanabedwe.